Geti iti?

Ntchito anandipezera ndi mlamu wanga Ferista. Anamva kutchalitchi kuti kusikimu ya ulimi wothirira ya kwathu kwa Makhuwira akufuna munthu wochotsa namasupuni pamene madzi a mumtsinje amalowera mungalande. Mwana wanga Mariya anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Madzi ndimawaopa, ng'ona ndimaziopa, koma ndinapita.

Akapitawo, a Fombe, anandipatsa reki ya mpini wautali ndi makiyi awiri pachingwe. Ina inali ya loko wa pachipata cha mpanda. Inayo inali ya tcheni chomanga wilo. Wiloyo ukaizungulira, chitsulo chachikulu chimakwera, madzi n'kulowa. Chitsulocho aliyense ankachitcha geti. Asanatsegule, a Fombe ankamenya chikasu chakale cha pulawo katatu ngati belu, kuti a kumunsi atuluke mungalande.

Loweruka geti inkakhala yotseka, amayi n'kumachapa m'timadzi totsalira. Loweruka langa lachitatu Ferista ananditengera Mariya kochapako, a Fombe n'kupita kumaliro. Ndinatsala ndekha.

Chakumasana kunaima galimoto kunja kwa mpanda. Anatsika bambo ndi mayi a ku Blantyre, atanyamula mphasa ndi zakumwa, n'kulowera pakampata ka oyenda pansi.

"Tangobwera kudzapitidwa mphepo, mayi," anatero bambowo. "Tione geti yanu yotchukayi."

Kupitidwa mphepo pamalo a ng'ona? Sindinamvetse. Ndinaimbira a Fombe. Foni inkadukaduka, kumbuyo kukumveka nyimbo za maliro.

"Ndi alendo a abwana amenewo. Atsegulireni geti."

Ndinayang'ana makiyi aja. Geti imene ndinkaidziwa ine inali imodzi. Ndinamasula tcheni, n'kuyamba kuzungulira wilo. Chikasu sindinachikumbukire. Madzi anabangula, abulawuni, thovu lokhalokha. Mayi aja anaomba m'manja, akujambula.

"Abambo, taonani kukongola. Mayi, onjezerani pang'ono."

Ndipamene ndinaona kumunsi zitenje zoyanikidwa pa udzu. Loweruka. Mariya.

Ndinafuna kutseka, koma mutu unaima: kumanja kapena kumanzere? Ndinazungulira, madzi n'kuchulukira. Ndinasiya. Ndinakankhira bambo aja pawilo, "Bwezani, bwezani," ine n'kuliyatsa liwiro m'mbali mwa ngalande, ndikuitana Ferista. Madzi anali patsogolo panga. Sindinawapitirire.

Ferista ndinamupeza pamtunda, atanyowa mpaka m'chiuno, Mariya ali m'manja akulira. Anali atamugoneka pansi pa kamlatho, pamthunzi, mungalande momwemo. Beseni, sopo ndi zovala zonse zinapita. Amayi ena awiri ankakolowola zitenje ndi bango.

"Alamu, chikasu sichinalire," anatero Ferista motsitsa mawu. "Ndamva mkokomo basi."

Ndinamulanda mwanayo n'kumuyamwitsa ndili chiimire.

A Fombe anafika panjinga, alendo atakhala kale pamphasa yawo akudya nkhuku, geti ataibweza.

"Nkhabe, si imeneyo, mai a Mariya," anatero m'Chisena chawo, atagwira kumutu. "Ndimati geti ya galimoto."

"Imeneyo inu mumati chipata."

"Alendo a m'tauni amati geti. Ndinatengera iwo."

Sanandichotse. Ndikadali pomwepo, ndipo Mariya akuyenda. Munthu akanditchulira geti, kaya ndi abwana, ndimafunsa kuti iti. Ena amaseka. Ndipo chikasu ndimamenya katatu ngakhale ndikungotsegulira galimoto.