Kamotoka ka Amuna Anga Kaphunzira Kumwa Dizilo

Amuna anga anandisiyira nyumba ya kanselo kuno ku Matero, ndi kamotoka kobiriwira kamene kanagona pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri. Kanali kafupi, nyale zake zozungulira ngati tisosala ta tiyi, ndipo munthu wamtali akakhalamo mawondo ankagunda chibwano. Anakagula kwa mzungu wina wa ku njanji ndili ndi pathupi pachiwiri. Injini yake inauma iwo akadali moyo, masipeya anasowa m'tauni monse, basi kanakhala. Ndinkakapukuta Loweruka lililonse ndi kukhoma zitseko, kuti ngakhale nkhuku zisazolowere.

Chaka china mwana wanga wamwamuna, amene amakhala ku Chawama, anayamba kubwera pafupipafupi atanyamula buledi ndi shuga. Munthu akamakubweretsera shuga usanamupemphe, yang'ana kumene maso ake akupita. Ake ankapita pansi pa mango. Sanachedwe kuulula: ankafuna kumanga zipinda za lendi pamalopo, ndipo kamotoka tikagulitse kwa anyamata ogula zitsulo, aja amadula chilichonse ndi moto. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza tinapangana pamaso pa mlamu wanga kuti kamotoka kakatuluka pabwalo ndi mphamvu yakeyake mvula isanagwe, kakhala kanga mpaka ndife. Kakalephera, adule.

Ndinavomera chifukwa cha ukali chabe, nzeru ndinalibe. Nzeru inachokera kwa mwana wake yemwe, mdzukulu wanga wamkazi amene ndimakhala naye. Ameneyu amagwira ntchito m'galaja yokonza maminibasi, ndipo zikhadabo zake sizinayerepo chiyambire. Atate ake atangotuluka, anandikhalira pafupi.

"Ambuya, injini ija inafa, isiyeni igone. Tiikemo ya dizilo."

Anati ku Kanyama kuli kaveni konyamula buledi kamene kanagundidwa kumbuyo, koma kutsogolo kali bwinobwino. Ndinati sindilandira injini imene sindinaone mwini wake, mawa apolisi angadzandigogodere. Ndinakwera minibasi naye mpaka ku Kanyama, ndinamuona mwini wakeyo, ndinaona ndi mkazi wake, ndinafunsanso mayi wogulitsa tomato pafupi ngati kaveniko kanalidi ka pa nyumbayo. Kenako ndinaika lamulo langa: ntchito yonse ichitikire pabwalo panga, ine ndikuona. Motoka ikapita ku galaja imabwerako yopepuka.

Injini inabwera pa wilibala, yokutidwa ndi saka. Mdzukulu wanga anaitana mkulu wina wowotcherera zitsulo, Msilamu wa kwathu konkuno amene makolo ake anachokera ku Malawi. Anamangirira tcheni pa nthambi ya mango, anazula injini yakale, ine ndili pa mpando ndi kabotolo ka kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo. Chitsulo chilichonse chotuluka m'kamotoka ndinkachidontheza kadontho, kuti chisasinthane ndi cha wina. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Lachisanu, popita ku mzikiti, anandipatsa kapu yake ya kumutu kuti nayonso ndiidontheze, ati mwina angabwereko ndi ya mnzake. Ndinaidontheza ndithu, mkati.

Sindinkadziwa kuti kuika injini ya dizilo m'kamotoka ka petulo kuli ngati kuveka mwana nsapato za atate ake. Palibe chimene chinkakwana. Miyendo yokhalira injini anachita kudula ndi kuwotcherera yatsopano. Pakati pa injini ndi giyabokosi anasema chitsulo chaphanthi, mabowo ake akuyesa, kufuta, kuyesanso. Malaiti akapita ntchito inkaima, iwo n'kukhala pansi kudya chinangwa chootcha, ine ndikuyang'ana kumwamba ngati mitambo yayamba. Injini itakhala m'malo mwake, kutsogolo kwa kamotoka kunagwada ngati mkamwini pamaso pa apongozi, mpaka anasintha masipuling'i. Boneti inakana kutsekeka. Mkulu uja anaiboola pakati n'kuiumbira linunda, ndipo ana a m'komboni anayamba kukatcha kang'ombe.

Tsiku lina ndinaona mdzukulu wanga akuyala mapaipi awiri kuchokera ku thanki. Ndinafunsa kuti lachiwirilo n'lachiyani. Anati dizilo wotsala amabwerera ku thanki. Ine ndinamvapo za madalaivala amene amakama mafuta ndi kapaipi kobisika, choncho ndinayala saka, ndinagona chagada, ndinakwawira pansi pa kamotoka, n'kulilondola paipilo ndi chala mpaka kumapeto. Linkapitadi ku thanki. Potuluka anachita kundikoka miyendo, iye ndi mkulu uja, akulira ndi phwete. Batire lalikulu limene anagula linkagona kunsi kwa bedi langa, m'mawa n'kumalitulutsa.

Tsiku loliza linafika kunja kukutentha kwa mtundu uja umaitana mvula. Mdzukulu wanga anati m'mapaipi muli mpweya, ndipo dizilo sayenda ndi mpweya. Anandipatsa ntchito yodinikiza kapampu ka pamwamba pa sefa ya mafuta, iye akumasula manati a mapaipi mpaka thovu litatha. Analowa, anapotoza kiyi pang'ono, anadikira kanyale kachikasu kazime, n'kupotozanso. Kamotoka kanatsokomola, kanakhala chete. Kachiwiri kanagwedezeka thupi lonse, kanalavula utsi wakuda, kenako kanayamba kugunda ngati chigayo. Mango aawisi anagwa okha. Ndinapezeka ndikuvina, chitenje chitamasuka, ine amene sindinavine ngakhale pa ukwati wa mwana wanga. Anansi anadzaza pabwalo, ndipo tsiku limenelo sindinayang'ane manja a munthu aliyense.

Mwana wanga uja anafika phokoso lili mkati. Anaomba m'manja, anazungulira kamotoka, anasisita linunda lija. Kenako anandiyandikira akumwetulira.

"Amai, yalira bwino maningi. Manje izachokera pati?"

Ankafunsa potulukira kamotoka, ndipo tonse tinatembenukira ku geti. Maliro a amuna anga atatha, ndinamangitsa mpanda wa mabuloko kuzungulira nyumba, ndipo ndinauza womanga kuti geti likhale lopita munthu mmodzi ndi ndowa yake, kuti mbala zisadzakankhe kamotoka. Mpandawo unagwira ntchito yake: palibe anakaba. Koma tinali titadutsa pa getilo zaka zonsezo mpaka maso anasiya kuliona. Mwana wangayo analiona tsiku lomwe tinkapangana, n'kusunga pakamwa.

Anthu anaseka, ena mpaka kukhala pansi. Amuna angapo anati akanyamule akadumphitse mpanda, koma mkulu wowotcherera anati ndi injini iyi athyoka misana, ndiponso pangano linati katuluke kokha. Mdzukulu wanga sanaseke. Anazimitsa injini, anatsamira chiwongolero, manja ake akuda ali pamutu. Chakum'mawa kunagunda bingu.

Ndinayang'ana mpanda wanga. Unandigoneka tulo zaka zambiri. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga hamala yaikulu ya amuna anga, ndinabwera nayo n'kuiika m'manja mwa mwana wanga.

"Unabwera kudzaphwanya. Phwanya apa."

Anandiyang'ana, anayang'ana mwana wake, kenako anavula jekete n'kupatsa mlamu wanga. Kunena zoona anamenya ndi mtima wonse, akuseka, fumbi lili m'tsitsi. Mabuloko ndinauza anthu awaunjike mkati, osati kunja. Mkulu uja analonjeza kuti geti lachitsulo likhala litaima dzuwa lisanalowe mawa lake, ndipo ndinamuuza kuti ndidzabwera kudzaona chitsulo chake asanachipake penti.

Kamotoka kanatuluka chobwerera m'mbuyo, kakunjenjemera, kanatsika kamtsetse, matayala onse anaponda msewu. Mdzukulu wanga anali pa chiwongolero, ine ndinakhala kutsogolo pambali pake. Atate ake anadzipinda kumbuyo, mawondo m'makutu, akudandaula kuti mpando ukuwaluma. Tinadutsa pa msika pang'onopang'ono. Azimayi ogulitsa zovala za salaula anaimirira kuimba nthungululu, makondakitala a minibasi akufuula kuti ambuya agula thalakitala. Wina anathamangira pa windo n'kufunsa ngati tikupita ku tauni. Ndinakweza galasi, koma ndinamubayibitsa.

Madontho oyamba anatipeza pothirira mafuta. Mnyamata wa pamenepo anangoona kamotoka n'kutenga paipi la petulo. Ndinatuluka msanga kuposa mmene ndatulukirapo m'motoka iliyonse, n'kuphimba kamwa la thanki ndi dzanja.

"Dizilo, mwana wanga."

Anati ambuya mwasokoneza, tumotoka utu situmwa dizilo. Mdzukulu wanga anatsegula boneti. Mnyamatayo anasuzumira, anaitana anzake, nawonso anaitana abwana awo, onse anaunjikana mvula ikuwanyowetsa. Atate a mdzukulu wanga, amene anali atatuluka kuti awongole miyendo, ndiwo anayamba kufotokoza za masipuling'i ndi mapaipi awiri ngati analipo, n'kumauza aliyense kuti wapanga zimenezi ndi mwana wawo. Ndinawasiya anene. Ine ndinaima pafupi ndi pampu, dzanja lili pa denga lofunda la kamotoka kanga, kuonetsetsa kuti dizilo akulowadi m'thanki.