Kupuma Kumene Anadula

Chimene sindinachimvetse mwa munthu amene tinkamutcha Bwerezani n'chakuti makutu anali nawo akuthwa kuposa tonsefe, koma chinthu chikamveka bwino sankatha kuchisiya. Ndinakhala naye khoma limodzi zaka zinayi, ine ndikulembera anthu makalata ndi kuwadzazira mafomu, iye akukonza mafoni. Sindinena kuti anali katswiri, pakuti iye mwini akanakana. Ndingofotokoza zimene zinachitika.

Ntchito yomudyetsa inali pa kauntala yakutsogolo: kusintha magalasi osweka, kuwotcherera timawaya, kuumitsa mafoni ogwera m'madzi. Koma mtima wake unali kuseri kwa katani, m'kachipinda kongokwana bedi limodzi, kamene makoma ake anamatamo mateleyi a mazira kuti phokoso la msewu lisalowe. Pakhomo ankatsamiritsa matiresi akale. Maikolofoni anaimangirira pa mtengo wa tsache, ndipo patsogolo pake anakunga sokosi pa waya wopinda, kuti mpweya wa woimba usamaphulike. Kompyuta yake inali yothyoka msana, yotsamira njerwa.

Zonse anaphunzira yekha, poonera mavidiyo pa mafoni a makasitomala, ponamizira kuti akuyesa ngati foniyo yachira. Choyamba kudziwa chinali eko. Mwezi wathunthu aliyense wojambulitsa kwa iye ankamveka ngati akuitana ali pansi pa chitsime. Kenako anatulukira pokwezera ndi potsitsira mawu. Wogulitsa makala, bambo wa ndevu zake, anamusandutsa kamwana ka sukulu ya mkaka, ndipo msewu wonse unabwera kudzaseka. Anaphunzira kukopera mawu a munthu mmodzi katatu n'kuwasiyanitsa pang'ono kwambiri, kuti amveke ngati gulu. Anaphunzira kuduladula liwu limodzi n'kuliyala pa ng'oma za m'kompyuta kuti lizidumphadumpha. Chilichonse chatsopano ankachithira mopitirira, ngati munthu amene wangodziwa kumene mchere.

Dzina lija linachokera m'kachipindamo. Woimba akamaliza, thukuta lili kamukamu, iye ankavula mahedifoni n'kunena kuti, "Zili bwino kwambiri. Bwerezani." Mwendo wake sunkaleka kugwedera pansi pa tebulo. Tiyi ankamuzizirira m'kapu. M'zaka zinayizo anasamuka nyumba kasanu, ndipo chikwama chake cha zovala sankachimasula chonse.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kumukhazika pansi: achemwali ake, amene anamulera mayi awo atamwalira. Iwo anali telala kumapeto kwa msewu womwewo. Ankaimba akupalasa makina, ndipo Lamlungu ankatsogolera kwaya. Mawu awo anali okhuthala, okhala ndi kamchenga pang'ono. Asanayambe mzere uliwonse ankakoka mpweya momveka, ngati munthu amene akunyamula ndowa yodzaza. Kwaya yawo inalibe woimiritsa manja kutsogolo. Anthu ankangomvera kupuma kumeneko, n'kulowa onse pamodzi.

Chaka chimenecho pakhosi pawo panatuluka chotupa. Adokotala ananena mosabisa kuti akachichotsa moyo ukhalapo, koma za mawu sakulonjeza. Tsiku la opaleshoni linali Lachinayi. Lolemba masana anatulukira pa kauntala ya mlongo wawo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Iwe, chotsa matiresi akowa ndilowe. Ha, muno mukununkha sokosi."

"Ndi za ntchito, achemwali."

"Ntchito yonunkha mapazi. Tamvera. Ndiimba kamodzi kokha. Ukangoti bwerezani, tepi iyi ikupeza pamsana."

"Nanga mukalakwitsa?"

"Ndikalakwitsa ndiye ineyo. Ndikufuna adzukulu anga adzadziwe kuti agogo awo sanabadwe akunong'ona. Undisungire, wamva?"

"Ndamva."

Anaimba nyimbo imene mayi awo ankaimba akamasita zovala. Inatenga mphindi zinayi. Pa ndime yachiwiri njinga yamoto inadutsa kunja. Pofika pamwamba penipeni mawu anasweka pang'ono, iwo n'kuseka kaphwete kakafupi, n'kupitiriza. Bwerezani analuma lilime mpaka kumapeto. Atamaliza, achemwali anamusisita pamutu ngati akadali mwana, n'kubwerera ku makina awo.

Kuchipatala anakhalako masabata atatu. Bwerezani anayesa kudikirira pa benchi ya pakhonde, koma ankangonyamuka, kukhala, kunyamukanso, kufunsa anamwino zimene anali atafunsa kale. Tsiku lachitatu alamu ake, mwamuna wa achemwaliwo, anatopa naye.

"Alamu, pitani mukakonze mafoni. Mukutizunguza mutu. Pakakhala nkhani ndikuimbirani."

Anabwerera m'kachipinda kake, n'kutsegula nyimbo ija. Mawu a achemwali anali pagalasi la kompyuta ngati minga ya nsomba, kwina yotalika, kwina yaifupi. Anaganiza kuti angochotsa njinga yamoto ija basi. Anaichotsa bwino ndithu. Anachotsanso kulira kwa firiji ya sitolo yoyandikana, kumene kunkamveka pansi pa nyimbo yonse. Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe.

Koma khutu lake linali litagwira pamene mawu anasweka paja. Pankamuyabwa. Anapagwira ndi mbewa ya kompyuta n'kupawongola. Atawongola pamenepo, mawu oyandikana nawo anayamba kumveka opendekeka, choncho anawakokanso kuti afike pa mzere. Anakoka lina, n'kukokanso lina. Alamu akaimba foni kuti odwala sanayambe kumeza, iye ankayankha kuti chabwino, n'kubwerera pa mbewa. Manja akakhala pa ntchito, mtima unkaleka kuthamanga. Kamchenga ka m'mawu kaja anakasefa. Kaphwete kaja anakadula.

Kenako anafika pa kupuma. Mavidiyo onse amene anaonera ankati woimba wamakono samveka akupuma. Anadula malo onse, amodziamodzi, ndipo anakwana makumi anayi ndi amodzi. Podula anaona kuti tizidutswato tikumveka ngati chisekese chogwedezedwa pang'onopang'ono, ndipo anaganiza kuti tsiku lina tingakometse nyimbo yovina. Anatiponya m'fulashi, kachipangizo kobaya pa kompyuta, mmene ankasungiramo maphokoso otolatola: chitseko chomenyetsedwa, botolo logunda linzake, chifuwa cha mlonda. Atatero anaiwala. Nyimbo ija anaikopera katatu, anaithira eko, anaiyalira ng'oma pansi. Inamveka ngati ya pa wailesi. Ankadziuza kuti achemwali akadzaimva adzadziwa kuti sanalere chitsiru.

Sabata yachitatu kunabwera mkwati wina ndi anzake asanu, kudzajambulitsa nyimbo za ukwati wake. Ali pakati, kompyuta inakana kusunga, ikuti malo atha. Anthu asanu ndi mmodzi anali atapanikizana m'kachipindamo, akutuluka thukuta, akumuyang'ana. Bwerezani anafufuza choti afufute. Chachikulu kuposa zonse chinali chikwatu cha achemwali, mmene munali mawu oyamba aja, osakonza. Lamulo ankalidziwa. Vidiyo iliyonse inkayamba nalo, kuti mawu oyamba usawataye, ugwirire ntchito pa okopera. Koma nyimbo yomalizidwa anali ataisunga kale payokha, ndipo kwa iye zotsalazo zinali zinyalala za pansi. Anafufuta, n'kujambula ukwati pamalo pomwepo.

Achemwali anatuluka m'chipatala atawonda, mpango uli m'khosi. Mawu anali atapitadi. Chotsala chinali kunong'ona kokanda, koti munthu asendeze khutu kuti amve. Tsiku lachiwiri lomwe anauza amuna awo kuti awaperekeze kwa mlongo wawo. Bwerezani anawakhazika pa mpando wake, anapukuta masipika ndi malaya, n'kuyambitsa nyimbo. Mwendo wake unkagwedera mpaka tebulo kunjenjemera.

Anamvetsera yonse, mutu uli pambali.

"Akuimba bwino mtsikanayu," ananong'ona. "Ndi wa kuti?"

"Ndinu, achemwali."

"Ine? Uyu sakupuma. Mphindi zinayi osapuma, ndi munthu ameneyu?" Anamwetulira. "Chabwino, wasewera mokwanira. Tsopano ndiyikire yanga ija."

Bwerezani anayang'ana njerwa yotsamiritsa kompyuta.

"Alamu," anatero mwamuna uja, "akuti muwayikire yawo."

"Ndi yomweyi. Ndinangoikonza."

"Nanga ija anaimba iwowa, ya Lolemba lija?"

"Malo anatha. Ndinafufuta."

Alamu anaimirira mpaka mutu kugunda teleyi ya mazira. "Mwati chiyani? Munthu wakupatsani mawu ake omaliza kuti musunge, inu mwasandutsa choseweretsa?"

Achemwali anawagwira mkono kuti akhale. Anakodola mlongo wawo kuti asendere, pakuti sakanatha kukweza mawu.

"Ine ndikasoka diresi ya munthu, zidutswa ndimamubwezera. Ngakhale kansalu kochepa ngati chala ndimakakulunga m'pepala. Nsalu ndi yake, si yanga. Unakulira pansi pa tebulo langa, zimenezi sunazione?"

Sanadikire yankho. Anadzuka, amuna awo n'kuwachotsera matiresi pakhomo.

Masiku otsatira kauntala inali yotseka. Bwerezani anachotsa disiki ya kompyuta n'kupita nayo kwa wokonza makompyuta wa tsidya lina la tauni, amene ankati amadzutsa zofufutidwa. Anadzutsadi zinthu: nyimbo za ukwati, ndi wogulitsa makala akulira ngati kamwana. Za achemwali munalibe. Anabwerera n'kuyesa kuchotsa eko ndi ng'oma pa nyimbo yomalizidwa ija, koma zinali zitalowerera ngati utoto m'nsalu. Anayesa kupendeketsanso mawu amene anawongola, kuswanso pamene panasweka. Zinatuluka ngati munthu akuyeserera achemwali ake mowanyoza. Ankatuluka, kuyenda mpaka pa mphambano, kubwerera. Kumapeto kwa msewu makina osokera anali atayambanso kulira, koma opanda nyimbo pamwamba pake, ndipo iye ankazungulira njira yakuseri kuti asadutsepo.

Mawu a zidutswa aja ndiwo ankamubwerera. Tsiku lachisanu, akutafuna chipande cha buledi chimene sankachimva kukoma, anakumbukira fulashi ija. Anakhuthula kabati yonse pansi, mabatire akufa ndi timasikuluwu, mpaka anaipeza. Pakati pa chitseko ndi chifuwa cha mlonda panali tizidutswa makumi anayi ndi kamodzi, tosakhudzidwa, monga momwe tinatulukira m'chifuwa cha achemwali.

Poyamba anatibwezera m'nyimbo yokonzedwa ija. Zinamveka ngati mayi wotopa waima pambali pa mlendo. Anachotsa mlendoyo. Anasiya kupuma kokhakokha, kulikonse pamalo pake, ndipo pakati pake panali zii kutalika kwa mzere umene unaimbidwa. Mphindi zinayi. Dzanja lake linapita lokha pa eko. Analibweza n'kulikhalira.

M'mawa mwake anaika zimenezo m'kafoni kotchipa, n'kupita ku shopu ya achemwali kudzera njira yakutsogolo. Anawapeza akusoka yunifolomu, mapini ali pakamwa.

"Zidutswa zanu, achemwali."

Analavulira mapini m'dzanja, n'kuvala mahedifoni. Phazi linaima pa chopalasira. Kupuma koyamba kutadutsa anakwinya nkhope. Pa kwachitatu milomo yawo inayamba kuyenda m'malo opanda kanthu aja, ikulowa pa nthawi yake monga inkachitira kwaya. Pafupi ndi pamwamba paja panabwera kupuma kwakukulu, ndipo mapewa awo anakwera nako. Kotsatira kwake kunali ndi kamchira ka phwete lija, kamene Bwerezani sanakadule bwino.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Apa ndiye ine," ananong'ona.

"Koma nyimbo mulibe."

"Mulibe. Unaitaya." Anapukuta m'maso ndi kansalu ka yunifolomu. "Adzukulu adzangomva agogo akupuma. Wakhudzaponso chiyani apa?"

"Palibe."

"Zoona?"

"Dzanja ndinalikhalira."

Mapewa awo anagwedezeka, kuseka kopanda mawu. Foni ija anaikulunga m'pepala n'kuiika m'kabati ya makina, mmene ankasunga zidutswa za eni ake. Sananene kuti amukhululukira, ndipo iye sanafunse. Anaimirira pakhomo kanthawi, akusinthasintha miyendo, kufikira makina anayambanso kulira.

Sabata yotsatira anakonza mafoni onse amene anali pa shelefu, n'kuwabwezera eni ake. Aliyense anamupatsanso galasi lake losweka ndi batire lake lakufa, zokulunga m'pepala, anthu n'kumadabwa kuti azitani nazo. Mateleyi a mazira anawamatula n'kuwaunjika panja. Loweruka m'mawa anandipatsa kiyi kuti ndikapereke kwa mwini nyumba. Chikwama chinali kumsana, kompyuta m'khwapa, ndipo njerwa ija anaisiya pa tebulo. Ndinamufunsa kumene akupita. Anati adzandiuza akafika.

Wogulitsa makala akuti anamuona akukwera minibasi ya kumpoto kwa tauni. Mlonda akuti ayi, inali lole ya matabwa yolowera kwina. Alamu anaimba nambala yake kangapo, n'kupeza yozima. Achemwali atauzidwa anangofunsa ngati wanyamula juzi, ndipo panalibe amene ankadziwa.