Laputopu ya asibweni

Ndinasiya sukulu mu Fomu 3. Chifukwa chake sindinena pano, ondifunsa anatopa kale. Zimene ndimadziwa ndinaziphunzira m'kashopu kotayipa ndi kujambula mapepala pa Chintheche, ka mayi wina wa ku Dedza amene amuna awo ankagwira ntchito kuesiteti ya labala. Mausi ya kompyuta yawo inkagwira ikafuna, ndiye ndinazolowera kuchita zonse pa kiyibodi. Ctrl ndi C kukopera, Ctrl ndi V kumata, Ctrl ndi Z kubweza chimene walakwitsa. Munthu akatseka mwangozi tsamba la pa intaneti limene amalembapo fomu ya ntchito, ndinkadina Ctrl, Shift ndi T, tsamba n'kubwerera, iye n'kumandiyang'ana ngati ndadzutsa wakufa. Ena ankachoka osatuluka mu imelo yawo. Ndinkawatulutsa ndekha osawerenga. Si ulemu ayi, nkhani za anthu zimanditopetsa.

Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maloji ankandifunsa kagulidwe ka laputopu ya kaunjika. Ndinkawauza zomwezomwezo. Zula chaja, uone ngati ikhale ikuyaka kwa theka la ola. Dina batani lililonse. Lowetsa fulashi m'mabowo onse. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsa, nyamuka uzipita. Ndinanena zimenezi kwa zaka ziwiri, kwinaku ndikusunga ndalama zogulira yanga.

Nyengo ya Khirisimasi asibweni anga, ndiye kuti alongo awo a amayi, anabwera kuchokera ku Joni ndi mabulangete, mafoni ndi laputopu imodzi. Amayi anali atawauza kale pafoni kuti ndikufuna yotere. Tinapita kwawo ku Bandawe Loweruka masana. Laputopu inali patebulo pabalaza, ikuyaka, chingwe chili kukhoma. M'nyumbamo munali akazi awo ndi akulu ampingo awiri amene anabwera kudzawalonjera. Asibweni anati anaisankha okha poganizira ine, ndipo mtengo atsitsa chifukwa ndine mwana wa mlongo wawo.

"Ya ku Joni iyi, mwana wanga," anatero. "Si zotola pa depoti ya Mzuzu."

Dzanja langa linapita lokha ku chaja. Amayi, amene anakhala pamkeka pafupi ndi khomo, anatsokomola. Kwathu chinthu chochokera m'manja mwa asibweni suchitembenuza ngati nsomba ya pamsika. Kuchiyesa iwo akuona, pamaso pa akulu ampingo, n'chimodzimodzi kuwatcha akuba. Ndinabweza dzanja. Asibweni anaizimitsa okha kaye, kenako n'kuzula chingwe. Ndinaona. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza kuti yewo.

Kwathu kulibe magetsi. Titafika ndinadina batani loyatsira, palibe chinachitika. Amayi anati mwina yatopa ndi ulendo. Lolemba ndinakayiyesa pa Kande, mubabashopu ya bambo wina amene anandilola kuika tebulo pakona. Ikakhala kukhoma inkagwira bwinobwino. Ndikangozula chaja, mdima pomwepo. Batire inali yakufa kotheratu. Ndinakopera nambala yake, ndinafufuza pa intaneti, ndinatuma kondakitala wina kuti akayang'ane ku Mzuzu. Inasowa. Nditanena zobweza laputopuyo, amayi anandifunsa ngati ndikufuna kuti asadzapondenso ku Bandawe. Nkhani inathera pomwepo.

Kubwerera kushopu ya pa Chintheche sikukanatheka. Ndinali nditatsanzika kale, ndipo sindinatsanzike bwino. Ndinawauza mayi aja kuti ndatopa kuwadyetsa ndi zala zanga.

Miyezi itatu ndinkangotayipa timakalata ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni. Kenako, kumapeto kwa temu yachiwiri, kunabwera ahedi a pulayimale ina ya kumtunda kwa Kande. Anabweretsa mayeso olemba pamanja a Sitandade 5, 6 ndi 7, maphunziro onse. Linali Lachinayi madzulo, ndipo ankawafuna Lolemba m'mawa pa fulashi kuti akasindikize pa Chintheche. Anati ndikagwira bwino adzauza ahedi anzawo a m'zoni yonse, ndipo temu iliyonse ntchito izindipeza ndili pompo. Imeneyo ndiyo inali ntchito yoti ndikhale ndi malo angaanga. Za batire sindinawauze.

Mubabashopu munali soketi imodzi. Ine ndi makina ometera tinkagawana kachingwe kamodzi kogwejema. Lachisanu m'mawa mwini shopu anakoka makina ake kuti afike kukhosi kwa kasitomala, chingwe chinagwedezeka, sikirini inada. Masamu onse a Sitandade 6 anapita, ndi mafulakishoni ake amene ndinalimbana nawo maola awiri. Iye anati pepani, n'kupitiriza kumeta. Ndinayatsanso n'kuyambira pa funso loyamba. Kuyambira pamenepo ndinkadina Ctrl ndi S pakutha pa mzere uliwonse. Mpaka lero chala chimachita chokha, ngakhale pa kompyuta ya eni ake.

Loweruka magetsi anazima isanakwane seveni. Kunagwa mvula yamphepo, ndipo anthu ankati mtengo wagwera mawaya kwinakwake. Laputopu ya batire yamoyo ikanandipatsa maola atatu kapena anayi. Ndinakhala patebulo mpaka masana, mapepala ali pamiyendo. Ndinapita kuloji ina ya sola, mlonda anati bwana salola anthu akunja kutchaja. Mayi a ku Dedza aja ali ndi jenereta, ndipo ndikudziwa kuti akanandinyoza kaye kenako n'kundipatsa soketi. Ndinafika mpaka pasiteji, laputopu ili m'jumbo. Maminibasi atatu anaima, makondakitala akuitanira Chintheche. Sindinakwere. Sindinakwiye, sindinadandaule. Ndinangoima, kenako ndinabwerera.

Lamulungu mwini babashopu satsegula, ndi dikoni. Anandipatsa kiyi atatuluka m'tchalitchi. Magetsi anabwera cha m'ma fili, n'kuzimanso isanakwane sikisi. Ndinamaliza Sitandade 5 ndi 6. Ya 7 ndinangotayipa Chingerezi ndi theka la Sayansi.

Lolemba ahedi anafika pakabaza, nsapato zili matope. Ndinawauza mmene zinalili, kuyambira pa batire. Anamvetsera osandidula. Anatenga mulu wa mapepala a Sitandade 7 n'kuuyang'ana, kenako anayang'ana wotchi.

"Achimwene, bwenzi mutandiuza Lachinayi," anatero. "Ndikanagawa ntchitoyi pawiri."

Ndinati ndi zoona.

Magetsi anali asanabwere, choncho ngakhale zimene ndinamaliza sindikanatha kuwaikira pa fulashi yawo. Ndinawapatsa yanga, momwe ndinali nditasungamo zonse dzulo lake. Anati adzaitumiza ndi wa kabaza, ndipo anatumizadi. Anafunsa ngati pa Chintheche pali wina wotayipa msanga. Ndinawalozera kushopu ya mayi aja, n'kuwauza kuti akafike isanakwane naini chifukwa pambuyo pake pamadzaza. Anakwera minibasi yoyamba.

Ndinamva pambuyo pake kuti nthawi inawachepera, ndipo mayeso ena a Sitandade 7 aphunzitsi anachita kulemba pabolodi ndi choko. Ahedi anzawo aja sanabwere, temu imeneyo kapena yotsatira.

Lolemba lija magetsi anayaka cha m'ma teni. Anthu ofuna kumetedwa anali atachuluka chifukwa cha masiku awiri aja, ndipo mwini shopu anandipempha kuti ndisunthe tebulo langa, aikepo benchi. Ndinalinyamula n'kukaliika panja pakhonde, kumene chingwe sichifika.