Nkhosa ya makutu athunthu

Pa famu ya ku Philippi, m'dziko la eni lino, pamene ndinkagwira ntchito, tinkagulitsa nkhosa za Idi ya kuzinga nyama za nsembe. Kuseri kwa shedi kunali khola lina, la nkhosa zachikale za dziko lino, za miyendo italiitali ndi mchira wamafuta wopindika. Mayi mwini famu ankati mtunduwu ukutha. Zochepa zimene tinali nazo zinali zapachibale zokhazokha, ndipo ana ake ankabadwa ofooka. Ena ndinawakwirira ndekha. Ndiye mayiwo anakatenga yamphongo imodzi kumpoto kouma uko, ya magazi ena. Chiyembekezo chonse chinali pa imeneyo.

Nkhosa zonse pafamupo zinali zoboola makutu, zovala manambala. Yatsopanoyi tinali tisanaiboole. Khola lake litadzaza matope ndi mvula ya mu Juni, yomwe ndi nyengo yake kuno, ine ndi nzeru zanga zazifupi ndinaisunga kaye pamodzi ndi zogulitsa.

M'mawa wa Idi ndinali kugeti, kulondolera magalimoto. Pobwerako ndinapeza akwathu a ku Mangochi ataigwetsa kale yatsopano ija, ataiyang'anitsa ku kibula, kumene timayang'ana popemphera. Mpeni unali m'manja mwa a Shehe, amene anandisunga pakhomo pawo nditangofika kuno ndilibe ndi bulangete lomwe.

Ndinathamangira pomwepo.

"A Shehe, pepani, imeneyo ayi!"

"Ayi chiyani, mwanawe? Tayang'ana zonse. Ya makutu athunthu ndi yokhayi. Kwa Mulungu tipereke yoboola?"

Sankalakwa. Tonse tinakula tikudziwa kuti nyama ya nsembe isamakhale ndi chilema. Ndinagwada m'matopemo n'kuika dzanja pakhosi pa nkhosayo, pomwe panayenera kudutsa mpeni.

"Ikafa iyi, mtundu wake pano watha. Chonde."

"Bra, wayamba kupembedza nkhosa za abwana?" anatero wina, anthu n'kuseka.

Ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima, koma dzanja sindinachotse. Ndinkamva mtsempha wa nkhosayo ukugunda m'zala zanga.

A Shehe anatembenukira kwa ine.

"Ili ndi ana?"

"Ngakhale mmodzi, a Shehe."

Anatsitsa mpeni. "Imasuleni." Kenako anapita kukafuna nkhosa kufamu ina, osatsanzika.

Masana omwewo ndinatenga choboolera makutu. Nkhosa ija inalira, magazi n'kudonthera pa kanzu, mkanjo wanga wa Idi. Ndinaiboola makutu onse awiri, kuti aliyense wofuna nsembe aziidutsa.