Apongozi Anasesa Kapinga Wanga

Chaka chimene dzuwa linawotcha kapinga wa kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Oadby, ku Mangalande, landilodi anandiuza mosapsatira kuti kapingayo akapanda kubwerera, tisamuke. Ndinagula mbewu n'kufesa ponse pamene panayera, ine munthu amene ndinakula ndikuzula udzu. Ndinathirira milungu iwiri, koma osamera olo kamodzi. Ndinatukwana mbalame, ndinatukwana amene anandigulitsa mbewuzo.

Loweruka lina ndinalawirira, n'kupeza apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Malawi kudzaona mdzukulu wakhanda, atawerama ndi tsache. Ankasesa pamene ndinafesa paja mpaka mbee, mbewu zanga n'kukataya mu bini.

"Mwadzuka bwanji bambo?" anatero. "Pabwalo pano pamangogwa timadeya, ndimasesa m'mawa uliwonse. Mundipezerenso khasu ndilambule udzu wotsalawu, mwana angalumidwe ndi njoka."

Njoka ku Oadby! Abwana ndinawakalipirapo, dalaivala wa basi ndinamukalipirapo, koma apongozi sakalipiridwa. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo amayi, mwagwira ntchito." Kenako ndinakalowa m'galimoto, kutseka mawindo, n'kukuwa ndekha ngati wamisala.

Ndinatuma mkazi wanga, mwana wawo, kuti akawafotokozere. Yankho linabwera lakuti munthu wofesa udzu ngofunika kumupempherera. Ndinafesanso Lamlungu iwo ali kutchalitchi, ndipo tsache lija linakakhala kuntchito kwanga mwezi wathunthu. Kapinga anamera, sitinasamuke. Koma iwo atabwerera kumudzi anauza aliyense kuti mkamwini wawo akusunga mwana wawo patchire.