Mpando wa Padenga la a Musasunthe

Mlamu wanga anthu ankamutchula kuti a Musasunthe, poti ndiwo mawu amene ankauza aliyense wokhala kutsogolo kwa kamera yake. Kasitudiyo kake kanali pansi pa nyumba yosanja, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi. Ankajambula zithunzi za ziphaso, maukwati ndi makanda olira, ndipo mbiri yake inali imodzi: sankakometsera munthu nkhope. Wachipsera ankatuluka ndi chipsera chake. "Kamera yanga sinama," ankatero. "Mukafuna mphuno ina, kadandauleni kwa amayi anu."

Mlongo wanga, mkazi wake, atatisiya, mlamu anayamba kukwera padenga lakonkire la nyumbayo kukajambula nyenyezi. Pamwambapo panali thanki yamadzi, chingwe choyanikapo zovala, ndi mpando wachitsulo umene malemu ankapumulirapo.

Chaka chimenecho bungwe la ojambula linakonza mpikisano wa zithunzi za thambo la usiku. Ine, poti imvi zinandimerera m'chipinda chamdima ndikutsuka mafilimu, anandisankha kukhala woweruza, pamodzi ndi mayi wina wamaso akuthwa, mphunzitsi wa sayansi. Zithunzi zinkabwera zopanda mayina. Lamulo linali lakuti wopezeka ataphatikapo kanthu achotsedwe m'bungwe.

Chithunzi china chinatiimika. Nyenyezi zinali zitakoka mizere yozungulira ngati madzi otakasa mumtsuko. Pansi pake panali thanki, chingwe, ndi mayi ali pampando, nkhope kumwamba.

"Apa pali chinyengo," anatero aphunzitsi. "Kuti nyenyezi zikoke mizere chonchi, diso la kamera limakhala chitsegulire nthawi yaitali, ndipo chilichonse chogwedezeka chimafufutika. Taonani zovala pachingwepo, zangosanduka utsi. Koma mayiyu akuoneka mpaka nsidze. Munthu amapuma, amaphethira. Uyu achita kumuphatikapo."

Ine ndinamuyang'anitsitsa mayiyo. Khutu lake long'ambika ndinkalidziwa: linali la mlongo wanga. Ndolo inalikadzula tili ana. Ndinawauza aphunzitsi mwini chithunzicho, ndi mayi anali pampandoyo.

Mlamu ndinamupeza akupukuta magalasi a kamera.

"Alamu, mwayamba kunama ndi ukalamba?"

"Ndinali ndekha padengapo," anayankha osatukula mutu. "Ndinamuonera papepala, monga inu."

"Nanga munatumiziranji?"

"Ndimafuna wina andiuze kuti nayenso akumuona."

Kuti dzina lake liyere, aphunzitsi analola kuti ajambulenso ife tilipo. Filimu anagula okha, naiika okha m'kamera. Tinakwera mwezi utalowa, mzinda wonse uli zii. Mpando unali wopanda munthu. Ine ndinaima kumbuyo kwake, ndipo nditagwira chotsamira, chitsulocho chinali chofunda, ngakhale mame anali atanyowetsa kale thanki.

"Musasunthe," mlamu ananong'ona. Si mawu aja ankakalipira nawo makasitomala. Ndipo sankayang'ana ine.

Ndinaima pamenepo mpaka mlamu anatseka diso la kamera.

M'mawa ndinatsuka filimuyo aphunzitsi ndi mlamu ali pambali panga. Pansi pa nyale yofiira, pepala linayamba kuda pang'onopang'ono m'mankhwala. Inatuluka mizere ya nyenyezi, kenako thanki. Ine ndinatuluka ngati nkhungu, wopanda nkhope, poti ndinkapuma. Kutsogolo kwa nkhunguyo kunali mlongo wanga, wooneka mpaka ulusi wa kolala. Ulendo uno sankayang'ana kumwamba. Anali atatembenukira kumene kunaima mwamuna wake.

Aphunzitsi anasamba m'manja nthawi yaitali, madzi akungotayika.

"Chinyengo palibe," anatero pomaliza. "Ndipo palibe chithunzi chochiposa. Chikapachikidwe muholo ya bungwe."

Mlamu anapukusa mutu. Anatola zithunzi zonse ziwiri, chachiwiricho chikudontha, n'kuziika mkati mwa jekete.

"Mlongo wanu moyo wake wonse ankandikana kumujambula, alamu. Ankati ndimatulutsa anthu ngati akuba mbuzi. Lero wandilola kawiri. Ndikamupachike pakhoma anthu azimuloza zala?"

Mphoto inapita kwa wina, koma m'bungwe dzina la a Musasunthe linakhala loyera mpaka imfa yawo. Kamera sanakwerenso nayo padenga. Telala anandiuza kuti kukada ankawamva akukwera masitepe mwapang'onopang'ono, akukoka mpando wachiwiri.