Mitengo ya Nsanja ya Achemwali

Kwathu, kumunsi kwa Kalembo, mtsinje umauma m'chilimwe mpaka ana kumasewera mpira pamchenga wake. Mlendo akauona nthawi imeneyo amaseka ukamuuza kuti umapha anthu. Koma mvula ikagwa kumapiri, Shire n'kudzaza n'kukana kulandira madzi ena, mtsinje womwewo umabwerera n'kulowa m'mudzi. Tonse tinkadziwa chochita: kubereka mwana n'kuthamangira kumsewu waukulu, umene unali pamtunda. Amene sakanatha kuthamanga anali achemwali anga aakulu. Matenda anawapuwalitsa miyendo akadali aang'ono, ndipo ankayenda chokwawa, atavala mapatapata kumanja.

N'chifukwa cha iwo bambo anamanga nsanja mumtengo wa bwemba wakuseri kwa nyumba yathu. Anakadula okha mitengo khumi ndi iwiri ya tsanya cha ku Nkaya, n'kumabwera nayo panjinga iwiriiwiri, chifukwa tsanya chiswe chimamulephera. Anaiyala moyandikana pakati pa nthambi, n'kufolera kadenga ka udzu pamwamba. Mitambo ikayamba kuda chaka chilichonse, ankakwezako bulangete, chigubu cha madzi ndi mbewu yotsala, kenako tinkayeserera. Achemwali ankakhala m'dengu lalikulu lomangidwa chingwe, bambo ali pamwamba kukoka, ine ndili pansi kukankha. Achemwali ankaseka mpaka misozi, amvekere m'mudzi monsemo palibenso mkazi wina amene amakwezedwa ngati mfumukazi.

Anthu ankatinena. Ankati bambo atopa ndi umunthu, akufuna kulowa unyani. Bambo sankakonda zolongolola, ankangoyankha kuti chakudza sichiimba ng'oma, n'kupitiriza kumanga luzi lawo. Ine ndinali namwali wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo kunena zoona nsanjayo inkandichititsa manyazi pamaso pa anyamata.

Chaka chimenecho, mvula yoyamba itangogwa, kunamveka kuti munthu wamkulu wa ku boma adutsa pamsewu wathu. Wapampando wa chipani m'dera lathu anali bambo wina wogulitsa nsomba zouma, amene mawu ake anakula tsiku limene anamupatsa mpando. Analamula kuti nyumba ziziridwe, mabwalo aseseredwe, ndipo pamsewu pamangidwe chipata chachitali cholandirira mlendoyo. Chipata chimafuna mitengo yowongoka. M'mudzi monse mitengo yowongoka yodula kale inali mubwemba mwathu.

Anabwera masana ndi anyamata anayi, n'kuima pansi pa mtengo manja ali m'chiuno.

"Akulu, chinthu ichi chikuonekera kumsewu. Mlendo akachiona aziti chiyani? Aziti anthu akuno amagona m'mitengo, boma silikuwasamala?"

"Iyayi, si chogonamo," anatero bambo. "Ndi cha mwana wangayu, madzi akabwera."

"Madzi ake ati? Mukulosera tsoka m'dziko la mtendere?"

Bambo anaweramitsa mutu. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, abale ake n'kumangoti wapita kuulendo. Wapampandoyo ataona kuti bambo azizira, anafewetsa mawu n'kulonjeza kuti mlendo akangodutsa mitengo ibwerera yonse. Anyamata anakwera, n'kudula luzi limene bambo anamanga ndi manja awo, mitengo n'kumagwa pansi umodziumodzi. Achemwali ankaonerera ali pakhonde. Pochoka, wapampando anawaloza ndi chibwano n'kuuza mayi kuti tsiku la mlendolo awa asatuluke m'nyumba.

Chimene chimandinyansa mpaka lero si wapampando uja yekha ayi. Ndimadzinyansa ndekha. Ndine amene ndinakathyola maluwa ndi masamba a nthochi okongoletsera chipatacho. Ndinamangirira maluwawo pamitengo yomwe ija ndikuimba, mtima uli pansalu yatsopano ya chipani imene tinagula kuti tikavine titavala. Tsikulo tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, ana akukomoka ndi ludzu, achemwali atatsekeredwa m'nyumba ngati ndiwo zobisira alendo. Dzuwa litapendeka magalimoto anatulukira. Sanachepetse ngakhale liwiro. Tinaona magalasi otseka, tinameza fumbi, ndipo tinaombera m'manja kumbuyo kwa galimoto yomaliza mpaka inazimirira.

Bambo anapita kukapempha mitengo yawo katatu. Ulendo woyamba wapampando anawauza kuti adikire, mwina mlendo abwerera njira yomweyo. Wachiwiri anawauza kuti kugwetsa chipata n'kunyoza amene anadutsapo. Wachitatu wapampando anangowafunsa ngati khadi lawo la chipani la chaka chimenecho anagula, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anansi athu, omwe ankadziwa bwino chimene nsanjayo inamangidwira, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Bambo anati akamaliza kupalira apitanso ku Nkaya kukadula ina. Koma udzu chaka chimenecho unkamera kumbuyo kwa khasu, ndipo njira ya kutchire inali matope okhaokha.

Madzi anabwera m'mawa wina wa mu Febuluwale, kunja kuli dzuwa. Mayi anali atapita kumsewu ndi ana aang'ono kukagulitsa nkhwani. Ine ndinkatsuka mbale pamene ndinamva mkokomo, ndipo ndinayamba ndaganiza kuti ndi sitima ya ku Nkaya imene mphepo inkatibweretsera phokoso lake nthawi zina. Nkhuku zitayamba kuulukira padenga ndinadziwa. Pamene bambo ankafika kuchokera kumunda, madzi anali atadula kale pakati pa ife ndi msewu, ofiira, akukokolola mapesi ndi mbuzi. Kuwoloka pamenepo utabereka munthu wamkulu kunali kudzipha awiri.

Bambo anabereka achemwali n'kuyamba kukwera bwemba wopanda makwerero, wopanda dengu, ine ndikukankha kumunsi madzi ali m'mawondo. Khungwa linawasupula achemwali miyendo yawo yowonda ija. Titafika pamphanda pamene panali nsanja, panalibe pokhala. Anthu a miyendo tinkatha kupanira nthambi, koma iwo ankangotsetsereka. Ndinavula nsalu imene ndinali nditavala, yomwe ija ndinavinira mlendo, ndipo bambo anawamanga nayo kunthambi m'chifuwa.

Cha kumasana kunada, mvula n'kuyamba. Inatimenya tsiku lonselo mpaka kunja kunacha, popanda denga, popanda bulangete. Tisanathedwe nzeru ndi kuzizira, ndinkayang'ana kumsewu. Chipata chinali chiimire pouma, maluwa ake atafota, ndipo anthu anali atamangirirapo mbuzi zimene anapulumutsa. Achemwali nawonso anachiona. Mano akugundana, anandiuza kuti ndisalire, mbuzi nazonso n'zolengedwa. Sindinaseke.

Madzi ataphwera anatitsitsa n'kupita nafe kumzikiti, kumene anthu ogumukiridwa nyumba ankagona. Achemwali anali atayamba kale kutsokomola. Chinali chibayo. Mlatho wa njira yakuchipatala unali utakokoloka, ndipo pamene anthu ankakambirana zowanyamula pamachira kuzungulira njira yakumtunda, iwo anali asakumezanso ngakhale phala. Anamwalira tsiku lachisanu, dzuwa likutuluka.

Pachisilamu chathu mtembo sitiuika m'bokosi. Amakumba manda, pansi pake n'kukumbanso kamphako kogonekamo munthu atakulungidwa m'nsalu yoyera, kenako amayala mitengo pamwamba pa kamphakoko kuti dothi lisamugwere. Amuna atayamba kufunsana kumene angapeze mitengo yabwino m'dziko loti lonse ndi matope, bambo anadzuka n'kutenga nkhwangwa. Ndinawatsatira chapatali.

Kumsewu kunali anthu ambiri, ndipo wapampando anali pomwepo akulemba maina a amene nyumba zawo zinagwa. Bambo anamasula mbuzi ziwiri zimene zinali zikadali pachipata, n'kuyamba kutema luzi, dzuwa lili pamutu, aliyense akuona. Chipata chinapendekeka n'kugwera m'mbali mwa msewu. Ndinkayembekeza kuti anyamata aja awagwira. Palibe anasuntha. Wapampando anayang'ana uku ndi uku, anaona nkhope za anthu, n'kuyandikira atagwira chipewa kumanja.

"Pepani ndi zovutazi, akulu. Komatu mukanangopempha."

"Ndinapempha katatu," anatero bambo, osamuyang'ana.

Anansi omwe aja ankati bambo alowa unyani ndi amene anathamangira kudzanyamula mitengo. Aliyense ankafuna aoneke atasenza. Wapampando nayenso anakalowa pamzere wa onyamula maliro, ndipo pochokera kumanda anasamba m'manja n'kudya nawo. Patangotha mwezi anaitanitsa msonkhano n'kulangiza mudzi wonse kuti banja lanzeru limamanga nsanja mumtengo mvula isanayambe. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinalavula pansi, mayi n'kunditsina kuti ndisawaphetse.

Ife akazi sitifika kumanda, choncho zakumeneko anandiuza ndi amalume. Akuti amuna ankafuna kudula mitengo isanu ndi umodzi yokha, poti inali yokwana, yotsalayo bambo adzamangire nyumba. Bambo anakana. Anatsikira m'manda okha, n'kumalandira mitengoyo umodziumodzi, yonse khumi ndi iwiri, n'kumaiyala moyandikana monga ankachitira mubwemba muja. Atamaliza anayendetsa chikhatho pamwamba pake kufufuza mpata, n'kutseka ndi udzu paliponse pamene dothi likanadutsa. Amalume akuti anachita kuwagwira dzanja kuti atuluke, chifukwa ankangobwerezabwereza kukankha mitengoyo, kuona ngati yalimba.